Injini isagone yokha padoko mwera ukamaomba

Chaka china m'mwezi wa Julayi ndidapita kukacheza kwa mlamu wanga yemwe ndi msodzi padoko lina kufupi ndi Mlowe m'boma la Rumphi. Usiku womwe ndidafikawo mwera udalusa. Tonse tidaunjikana pamoto m'khitchini, ana atadzikulunga m'mabulangete, kunja mafunde akulindima ngati malole a malasha akutsika Chiweta.

Cha m'ma 9 koloko mlongo wanga adafunsa amuna ake kuti: “Kodi bambo a kwathu, injini ija mwachotsa?” Mlamu adayankha kuti anyamata amangirira boti bwinobwino, ndipo ndi kuzizira kumeneku munthu sangatsikirenso kunyanja. “Tikaona mawa,” adatero uku akusonkhezera chikuni.

Kutacha tidakaonadi. Chingwe cha nangula chidaduka usiku, boti lidatembenukira cham'mbali n'kudzaza madzi ndi mchenga, injini ili chimirire mutu wonse. Injini imeneyi adaigula ndi thukuta la zaka zinayi ku Joni. Padatenga miyezi iwiri kuti ilirenso, ndipo nthawi yonseyo anyamata a pachilimira chake adangokhala manja lende, mabanja awo akugonera masamba.

Akuluakulu adati pakadafunda padajiwitsa galu. Mlamu wanga si munthu waulesi ayi. Chidamugonjetsa ndi moto wa m'khitchini, monga umatigonjetsera tonse m'nyengo yozizira. Maganizo anga lero ndi akuti injini zambiri zomwe timati zafera panyanja zimakhala kuti zidayamba kudwala padoko, usiku, eni ake ali m'tulo. Choncho kusamala injini boti likakocheza ndi udindo wofanana ndi kukhoma chitseko pogona, ndipo udindowu usasiyidwe m'manja mwa mnyamata wotopa yekha.

Mwina wina ku Bolero kapena ku Rumphi boma akufunsa kuti nanga ife za maboti zikutikhudza pati. Dikirani pang'ono, tifikako. Koma dziwani kuti usipa womwe mwadyera nsima dzulo udabwera kumtunda ndi injini yomweyi.

Tiyambire kutali. M'maiko ozizira kwambiri monga Canada, Norway ndi kumpoto kwa America, mdani wamkulu wa injini ya boti usiku ndi madzi oundana. Injini imeneyi imadziziziritsa ndi madzi a m'nyanja momwemo. Imawakoka kudzera m'timabowo ta kumwendo kwake, n'kuwayendetsa m'tinjira ta m'mutu mwake, kenaka n'kuwataya. Mukaizimitsa, madzi ena amatsalira m'kati.

Tsono madzi ali ndi khalidwe lachilendo. Kuzizira kukafika pa madigiri 0 amaundana, ndipo akaundana amafufuma ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 alionse. Ikani botolo lagalasi lodzaza madzi m'firiji muone m'mene liphulikire. Chitsulo cha injini nacho chimang'aluka chimodzimodzi. Munthu amagona ndi injini yabwinobwino, kudzuka ili ndi mng'alu.

N'chifukwa chake kumeneko amalangizana kuti usiku wachisanu injini isasiyidwe chopendekeka, mwendo uli m'mwamba. Iimirire chilili kuti madzi onse atsike okha. Ngati boti lagona pamadzi, mwendowo ukhale womira, poti madzi a m'nyanja amakhala ofundirapo kusiyana ndi mpweya wa usiku. Malangizo amenewa ndi othandiza kwa abale athu omwe akugwira ntchito yosamala maboti a mabwana awo ku South Africa, kumadamu monga Vaal, komwe chisanu cha Juni ndi Julayi chimaumitsa madzi m'ndowa.

Kuno kwathu chisanu chotere chilipo, ndipo chili m'boma la Rumphi lomweli. Pamwamba pa Nyika, komwe phiri la Nganda limapitirira mamita 2,600, m'mawa wa Juni ndi Julayi udzu umadzuka uli mbuu ndi chisanu. Aliyense amene amasunga injini yoziziritsidwa ndi madzi cha ku Chelinda, kaya ndi ya pampu, ya galimoto kapena ya kaboti ka padamu, malangizo a ku Canada aja ndi akenso. Akhuthule madzi asadagone.

Koma kunyanja nkhani ndi ina. Nyanja ya Malawi ili mamita pafupifupi 474 okha pamwamba pa nyanja zamchere, ndipo madzi ake satsika pansi pa madigiri 20 ngakhale m'Julayi. Palibe msodzi wa ku Mlowe, Tcharo kapena Chitimba amene adzadzuke n'kupeza injini yake itaundana. Apa m'pamene ambiri amadzinamizira kuti nyengo yozizira ilibe kanthu ndi injini zathu. Zoona zake n'zakuti kuzizira kwathu kuli ndi zida zake, ndipo ndi zitatu.

Chida choyamba ndi mwera. Mphepo imeneyi imaomba kuchokera kummwera chakummawa kuyambira cha m'Meyi mpaka Ogasiti kapena Sepitembala. Ikamafika kugombe la Rumphi imakhala itayenda mtunda wautali pamadzi popanda chotchinga, mafunde atakula kale. Gombe lake nalonso ndi lamiyala malo ambiri, mapiri atachita kugwera m'madzi. Malo obisalirako boti ndi ochepa.

Onani tsono m'mene zinthu zimakhalira. Asodzi a chilimira amagwira ntchito usiku, kukopa usipa ndi nyali mwezi ukakhala mumdima. Injini imagona padoko usiku uti? Ndi usiku womwe mwezi ukuwala, komanso usiku womwe mwera waletsa aliyense kulowa m'madzi. Kutanthauza kuti tsiku lomwe nyanja yaopsa kwambiri ndi lomwenso injini imasiyidwa yokha, asodzi ali kumoto kapena kumowa.

Boti lomangidwa mphwayi limatembenuka n'kupereka msana wake kumafunde. Kumsanako n'komwe kuli injini, ndipo n'komwenso kuli kotsika. Funde lililonse limathira ndowa zingapo m'kati, boti limalemera, kumbuyo kumamira, mapeto ake madzi afika m'mutu mwa injini. Ngati mwendo udasiyidwa pansi pamadzi osaya, funde likanyamula boti n'kuligwetsa, mwendowo umamenya pamchenga kapena pamwala usiku wonse mpaka pulopela kupindika.

Kumbukiraninso kuti madoko athu sali m'mene adalili kale. M'chaka cha 2024 madzi a m'nyanja adakwera kwambiri n'kumeza mchenga womwe anthu ankakokerapo maboti. Malo omwe agogo anu ankati ndi otetezeka akhoza kukhala msampha lero. Doko liziyang'anidwa mwatsopano chaka chilichonse.

Mankhwala ake ndi odziwika. Boti likokedwe kumtunda kopitirira pomwe mafunde a dzulo adalekezera. Ngati ligona pamadzi, mphuno yake iyang'ane komwe kukuchokera mafunde, nangula akhale wolemera, ndipo chingwe chiyang'anidwe makamaka pomwe chimakhuzana ndi thabwa, chifukwa m'pomwe chimadukira. Koma choposa zonse, injini ichotsedwe. Injini ya Yamaha ya 15 hosipawa imalemera makilogalamu pafupifupi 40, osafika ngakhale thumba la feteleza. Anthu awiri amainyamula mosavuta. Ya 40 hosipawa imapitirira makilogalamu 70, komabe amuna atatu sangailephere.

Ponyamulapo pali chinthu chimodzi chomwe ambiri amalakwitsa. Mukaichotsa m'madzi, iimikeni kaye chilili kwa kanthawi kuti madzi atuluke, monga momwe amachitira a kumaiko ozizira aja. Ndipo musalole kuti pulopela ikhale pamwamba kuposa mutu. Mukatero madzi otsalira amabwerera kudzera njira ya utsi n'kukalowa m'kati momwe mumayenda pisitoni, ndipo dzimbiri limayamba ntchito yake mwakachetechete. Ndaonapo anyamata atasenza injini chadodolido, mutu uli pansi, akuseka. Samadziwa kuti akuimwetsa poizoni. Kunyumba, ikolekeni pamtanda wa matabwa, chilili, pamalo ouma.

Chida chachiwiri ndi mame. Ife timadziwa mame a paudzu ndi a padenga la malata, koma amagwanso m'kati mwa thanki. Thanki ikagona ndi petulo wochepa, malo otsalawo mumakhala mpweya wachinyezi wa kunyanja. Usiku kukazizira, chinyezicho chimasanduka timadontho m'makoma a thanki n'kutsetserekera pansi. Usiku umodzi ndi pang'ono chabe, koma boti likakhala sabata yathunthu kudikira mwera, timadonthoto timachuluka.

Apa pali chinanso chofunika kudziwa. Dziko lino lidayamba kusakaniza petulo ndi ethanol wochokera ku nzimbe m'chaka cha 1982, fakitale ya ku Dwangwa itatsegulidwa, ndipo ina ya ku Chikwawa idabwera mu 2004. Ethanol ndi wabwino, amatipulumutsira ndalama zakunja. Koma ali pachibale ndi madzi, amawayamwa. Madzi akachuluka, ethanol amalekana ndi petulo n'kukhala pansi pamodzi ndi madziwo. Paipi ya injini imayamwira pansi pomwepo. Zotsatira zake, injini imalira bwinobwino padoko ndi mafuta otsalira m'kabuleta, n'kukatsokomola muli kale pakati pa madzi.

Vutoli limakula mafuta akamasowa, monga zidachitikira mu 2022 ndi 2024, pomwe anthu ambiri ankagula petulo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu. Chigubu chomwe dzulo chidatungira madzi lero chanyamula petulo. Choncho thanki isagone m'boti. Ichotseni, tsekani kabowo kopumira ka pachitsekerero, muisunge pamthunzi pouma kutali ndi moto ndi ana. Ngati n'kotheka igone yodzaza. Petulo wa m'chigubu muziyamba mwamuthira m'botolo loonekera n'kumusiya kanthawi. Ngati muli madzi mudzawaona atakhala pansi. Musaiwale kutsegula kabowo kaja m'mawa, apo ayi injini idzazima yokha mutangoyenda pang'ono.

Pa nkhani ya oyilo wosakaniza ndi petulo musamayerekeze ndi maso. Injini zambiri za m'madoko mwathu zimafuna muyezo umodzi wa oyilo pa miyezo 50 ya petulo, kutanthauza theka la lita pa malita 25. Onani buku la injini yanu. Oyilo ameneyu ndi yekhayo amene amatchinjiriza zitsulo za m'kati ku dzimbiri pamene injini yagona. Woumira pa oyilo amadzalipira kwa makaniko.

Chida chachitatu n'chobisika kuposa zonse, ndipo chimachokera m'maukonde athu omwe. Ulusi wa nayiloni, makamaka wa maukonde opyapyala aja omwe adadzaza m'nyanja muno, umakulungika kuseri kwa pulopela. Pulopela ikamazungulira, ulusiwo umadya kamphira kotchinga madzi kuti asalowe m'magiya a kumwendo. Kamphirako kakadyeka, madzi amalowa n'kusakanikirana ndi oyilo.

Nthawi yomwe madzi amalowa kwambiri ndi pomwe injini yangozimitsidwa. Magiya amakhala otentha, ndipo akamazizira mpweya wa m'kati umanyala n'kukoka madzi kudzera pomwe padyekapo. Kumaiko a chisanu madzi amenewa amaundana n'kuswa mwendo usiku umodzi. Kwathu kuno amachita pang'onopang'ono, kudya magiya ndi dzimbiri mpaka tsiku lina injini ikulira koma boti osayenda.

Kudziwa kwake n'kosavuta. Masulani pang'ono kabawuti ka pansi pa mwendo muone mtundu wa oyilo. Akatuluka wotuwa ngati tiyi wamkaka, madzi alowa. Opanga injini amalangiza kusintha oyilo ameneyu pakatha maola 100 a ntchito. Kwa msodzi wa chilimira maola amenewa sachedwa kukwana. Masiku omwe mwera wakutsekerezani kumtunda ndiwo masiku ochotsa pulopela, kudula ulusi ndi kuona oyilo. Bawo ikhoza kudikira.

Tifike m'mawa. Kukazizira petulo sachedwa kuuma mutu, safuna kusanduka nthunzi, n'chifukwa chake injini imavuta kulira. Ntchito ya choko ndi imeneyo. Kokani choko, ikalira mubwezereni, kenaka ilekeni injini itenthe kwa mphindi zitatu musadaike giya. Anyamata ena amangoti ikalira n'kuikoka moto wonse kuti anthu padoko awaone. Injini yozizira ikathamangitsidwa chotero zitsulo zimakhulana oyilo asadafike paliponse.

Pamene ikutentha, yang'anani kamtsinje ka madzi kotuluka kumbuyo, komwe asodzi amati injini ikukodza. Ngati sikukodza, zimitsani msanga. Mwina mchenga wa usiku watseka timabowo, kapena kamphira kopopa madzi katha mano. Kamphira kameneka sikafuna kuzungulira pouma ngakhale kwa kanthawi kochepa, choncho chizolowezi choliza injini pamtunda pofuna kuonetsa wogula kuti ndi yamoyo chitheretu. Ndipo chonde, musayerekeze kuothetsa injini moto monga ankachitira madalaivala ena ndi malole akale a dizilo. Petulo sacheza ndi moto.

Nanga ngati tsoka la mlamu wanga lakugwerani, injini yamira? Cholakwa chachikulu n'kuiyanika padzuwa n'kumadikira kuti ndalama zipezeke. Dzimbiri limayamba msanga injini ikangotuluka m'madzi n'kukumana ndi mpweya. Tsukani matope ndi madzi oyera, chotsani mapulagi, khuthulani kabuleta, thirani oyilo m'mabowo a mapulagi n'kukoka chingwe pang'onopang'ono kuti madzi atuluke. Mukamva kuti ikukukuta mchenga, lekani pomwepo. Ifike kwa makaniko tsiku lomwelo. Mlamu wanga adadikira masiku anayi, ndipo masiku anayi amenewo ndiwo adasanduka miyezi iwiri.

Ndikudziwa kuti asodzi ali ndi zoyankha, ndipo zina n'zomveka. Choyamba amati ife timafika titatopa, tanyowa, tikunjenjemera, ndiye tiyambenso kusenza chitsulo kukwera nacho chitunda? N'zoona, ntchito ya panyanja si yamasewera, ndipo wolemba nkhani ali pampando alibe ufulu wonyoza munthu amene wakoka ukonde usiku wonse. Komatu kusenza injini ndi ntchito ya mphindi khumi. Kupalasa nkhafi kuchokera pakati pa nyanja injini itazima ndi ntchito ya maola, ndiye kuti mwachita mwayi mwafika.

Chachiwiri n'chomwe sichinenedwa mokweza. Mnyamata amati mumtima mwake, injini si yanga, ndi ya bwana. Eni zipangizo ambiri sakhala padoko. Ena ali ku Mzuzu, ena ku Rumphi boma, ena ku Joni, amangodikira ndalama pafoni. Apa mlandu ndikuupereka kwa eni ake. Simungasiye chuma cha mamiliyoni m'manja mwa munthu amene simudamuphunzitsepo kanthu, simumupatsa kangachepe kosamalira, koma injini ikafa mumamudula pa gawo lake la nsomba. Sankhani munthu mmodzi pagulupo akhale mwini injini, mumuphunzitse, muzimupatsa kake kapadera mwezi uliwonse womwe injini yayenda osavuta. Mudzaona kusintha.

Kwa anyamata nawo ndikuti, injini ya bwana ikafa, bwanayo amadya ndithu kwawo. Amene mumagona ndi njala ndinu. Ndipo ikazima pakati pa mafunde, bwana sakhala m'botimo.

Chachitatu amati m'nyumba mulibe malo, ndipo fungo la petulo ndi ana sizigwirizana. Apanso akunena zoona, ndipo m'pamene mudzi uyenera kulowererapo. Makomiti a m'madoko, omwe adayambira ku nyanja ya Malombe mu 1993 ndipo lamulo la zausodzi la 1997 lidapereka mpata woti anthu eni ake azitenga nawo mbali, timawadziwa pa nkhani yolanda maukonde oletsedwa. Bwanji osamanganso kanyumba ka njerwa padoko lililonse, ka chitseko cholimba ndi mitanda yokolekapo injini, eni maboti n'kumasonkha ya mlonda? Mutu umodzi susenza denga. Kanyumba kameneka kangathetse mavuto atatu nthawi imodzi, mafunde, mame ndi akuba, poti mbala nazo zimakonda usiku wa mwera pomwe phokoso la nyanja limabisa mapazi awo.

Wina anena kuti ndalama zake zichokera kuti. Funsani mtengo wa injini yatsopano lero. Palibe injini ya boti yomwe imapangidwa m'dziko muno, ngakhale kamphira kake kamachokera kunja. Ndalama ya kwacha idagwa ndi 25 peresenti m'Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya zipangizo idakwera motsatira. Kale munthu ankati ikafa ndigula ina. Masiku ano injini yomwe muli nayoyo mwina ndi yomaliza m'moyo wanu. Njerwa ndi malata a kanyumba kamodzi sizingafike mtengo wa injini imodzi.

Tsopano ndibwerere kwa inu a kumtunda. Injini ikafa ku Mlowe, usipa umachepa pamsika wa Phwezi, wa Bolero ndi wa Rumphi boma, ndipo kamulu komwe mumagula kamachepa pomwe mtengo ukukwera. Mayi amene amakapikula nsomba kunyanja kuti alipirire ana sukulu amabwerako ndi dengu lopanda kanthu. Ambiri mwa eni maboti ndi abale anu, ena ndi amuna anu, ena ndinu nomwe.

Koma nkhani yaikulu ndi ya moyo. Kummwera kwa Mlowe mapiri adakana msewu. Anthu a ku Zunga ndi ku Tcharo amadalira boti kapena kuyenda wapansi m'tinjira ta m'matanthwe. Mayi woyembekezera zikamuvuta usiku kumeneko, ulendo wopita kuchipatala chachikulu cha David Gordon Memorial ku Livingstonia umayamba ndi kukoka chingwe cha injini. Ngati injiniyo idagona pamame, thanki ili ndi madzi, ndiye kuti miyoyo iwiri yatsamira pa chinthu chomwe wina adachinyalanyaza madzulo chifukwa kunkazizira. Boti lililonse la m'madera amenewa ndi ambulansi, kaya mwini wake akufuna kapena ayi.

Nyanja ya mbali imeneyi idationetsa kale ukali wake. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya idamira ndi mphepo yamkuntho kufupi ndi Florence Bay, komwe lero timati Chitimba, ndipo anthu 145 adafa. Idali sitima yachitsulo, yatsopano. Pa Isitala ya 2017 boti lomwe lidanyamula anthu ochokera kumapemphero lidagubuduzika kufupi ndi Mlowe, mabanja n'kulira maliro. Sindikunena kuti ngozi zimenezi zidachitika kaamba ka injini yosasamalidwa. Ndikunena kuti pamadzi otere munthu sapita ndi chida chokayikitsa. Boti likakhala ndi mphamvu, woyendetsa amalozetsa mphuno kumafunde n'kumalimbana nawo. Injini ikangozima, boti limatembenuka cham'mbali, ndipo funde lotsatira ndilo limaweruza.

N'chifukwa chake ndikupempha akuluakulu a nthambi ya zausodzi ndi ya zamaulendo a pamadzi kuti uthenga wawo usathere pa majekete odzitetezera ndi kuletsa kudzaza maboti, ngakhale zimenezo n'zofunika kwambiri. Mwezi wa Epulo, mwera usadayambe, alangizi ayende m'madoko ndi makaniko wodziwa, aphunzitse anyamata kuona oyilo, kuyesa petulo ndi kunyamula injini. Tili ndi sukulu ya zausodzi ku Mpwepwe ndi ya zapamadzi ku Monkey Bay, zonse m'boma la Mangochi. Nzeru za kumeneko zifikenso kumpoto kuno, m'Chitumbuka ndi m'Chitonga, pamchenga pomwe pali maboti.

Mafumu a m'mbali mwa nyanja nawo ali ndi mawu omwe anthu amawamvera. Monga momwe mudzi umagwirizana kuti ng'ombe zisagone kunja kwa khola, ugwirizanenso kuti boti lomwe limanyamula anthu lisagone ndi injini pamadzi m'nyengo ya mwera. Pakhalenso injini imodzi pamudzi yodziwika kuti ili bwino, thanki yake ili yodzaza, yodikira odwala usiku.

Amayi, inunso muli ndi mbali yanu. Mlongo wanga adafunsa funso loyenera usiku uja, koma adafunsa kamodzi kokha n'kukhala chete poopa kuoneka wolongolola. Ndalama ya injini ndi ya banja lonse. Funsani kawiri, funsani katatu. Ngati kuli kofunika, yatsani tochi mutsogole, bambo achita manyazi akutsatirani.

Ndidapitakonso kwa mlamu wanga chaka chotsatira, nyengo yomweyo. Dzuwa litangolowa ndidamuona akutsika kudoko ndi mwana wake wachisamba, atavala chijasi chake cha ku Joni. Posakhalitsa adatulukira atanyamulizana injini, mutu uli m'mwamba, mwana wamng'ono akutsatira ndi thanki. Adaikoleka pamtanda m'kachipinda komwe kale ankasungiramo chimanga, n'kuifunditsa chiguduli.

Atabwera pamoto ndidamuseka kuti alamu, mwayamba kufunditsa chitsulo ngati khanda? Iye adangoitanitsa tiyi, n'kundiuza kuti ndisendeze mpando chifukwa ndamutchingira moto.